Tionetseni lisiti la makina a ukazitape

Munthu wa ku Kameme kapena ku Nthalire akafuna kulankhula ndi mwana wake amene ali ku Johannesburg, nthawi zambiri amayamba wakwera kaye pachulu kapena pakamtunda kuti netiweki imupeze. Akakhala kufupi ndi mtsinje wa Songwe, netiweki imene imayamba kumupeza nthawi zina imakhala ya ku Tanzania. Koma ngakhale akuvutika chomwechi, pa mayunitsi aliwonse amene amagula pali kandalama kamene kamakathera ku MACRA, bungwe loyang'anira za mauthenga m'dziko muno, poti bungweli limakhalira ndalama za malaisensi ndi msonkho wochokera ku makampani a lamya ndi nyumba zoulutsira mawu, ndipo makampaniwo satola ndalamazo kutchire ai, amazitenga kwa ife. Choncho MACRA ikamapita kumsika, imanyamula chikwama cha mayi wogulitsa nyemba pamsika wa Chitipa. Mayiyo ali ndi ufulu wofunsa kuti mwagula chiyani, mwagula kwa yani, nanga lisiti lili kuti.

Mu Januwale 2025 bungwe la MACRA lidalengeza kuti likufuna kupereka kontirakiti ya madola 1.5 miliyoni a ku America, yomwe pa mtengo wa kubanki idali pafupifupi K2.6 biliyoni, kwa kampani ya ku Ghana yotchedwa Hashcom, kuti ibweretse makina otsatira nkhani zabodza pa masamba a mchezo monga Facebook. Apo nkuti kwatsala miyezi isanu ndi itatu kuti tiponye voti pa 16 Sepitembala. Apo nkuti galimoto zikugona pamizere ya mafuta kamba kakuti dziko lidalibe ndalama zakunja, ndipo kwacha idali isanadzuke chiigwetsereni ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Madola ogulira dizilo adasowa, koma madola ogulira makina oonera zolemba za anthu adapezeka.

Chilungamo chake nchakuti nkhaniyi tidaimva chifukwa cha lamulo la kagulidwe ka katundu wa boma la 2017, limene lidakhazikitsa kuti bungwe la boma lisanasainirane ndi kampani pa kontirakiti yaikulu, liyambe lalengeza ndi kudikira masiku 14. Popanda lamulo limenelo bwenzi tikungomva mphekesera m'mabawa. Koma taganizani za mlimi wa khofi wa ku Misuku. Chilengezocho chidatuluka m'Chingerezi cha maofesi, dzina la katunduyo lalitali ngati sitima ya pamtunda, ndipo mlimiyo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 700 kuchokera ku Lilongwe, kumene nyuzipepala ya lero ikafika mawa ndiye kuti yafulumira. Masiku 14 aja ndi oti makampani ena amene adapikisana nawo adandaule. Nzika imene idzaonedwe ndi makinawo ilibe mpando pabwalo limenelo. Boma likalengeza motere limati lachita poyera, koma kwa anthu 234,927 amene kalembera wa 2018 adapeza m'boma la Chitipa, kulengeza kotere sikusiyana kwenikweni ndi kunong'ona.

Mabungwe monga MISA Malawi ndi CHRR atakuwa, akuluakulu a MACRA adayankha kuti makinawo si omvera lamya za anthu kapena kuwerenga mauthenga achinsinsi, koma ongoona kayendedwe ka mabodza pa zimene anthu alemba kale poyera. Ife sitikunena kuti mabodza si vuto. Ku Chitipa kuno anthu sadaiwale za kumayambiriro kwa 2020, pamene mphekesera za anamapopa zidawoloka malire kuchokera ku Zambia n'kufalikira m'maboma a kumpoto ndi pakati, anthu osalakwa n'kuphedwa, monganso zidachitikira ku Mulanje ndi maboma oyandikana nawo mu 2017. Bodza limapha, timadziwa. Koma mphekesera zimenezo zidayenda pakamwa, pachitsime ndi pamaliro, ndipo amene adazizimitsa ndi mafumu, abusa, apolisi ndi mawailesi olankhula chinenero cha anthu. Ngati pali umboni woti makina a K2.6 biliyoni akadachita bwino kuposa amenewa, umboniwo ubwere pagulu tiuone. Ndipo ngati nzoona kuti makinawo sangathe kulowa m'foni ya munthu, palibe chovuta: kontirakitiyo ndi mapepala ofotokoza zimene makinawo amatha aikidwe poyera, akatswiri a ku MUBAS ndi ku Mzuzu University awerenge, atiuze. Mawu a pamsonkhano wa atolankhani si lisiti.

Chimene chikutidetsa nkhawa nchakuti gule ameneyu tidamuonapo kale. Mu 2010, mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, MACRA yomweyi idagula makina otchedwa CIRMS kwa kampani ya ku America ya Agilis International pa mtengo woposa madola 6 miliyoni. Zifukwa zimene adapereka zidali zomveka: kuona ngati makampani a lamya akutumikira bwino anthu, kutsimikiza kuti sakubisa ndalama zimene amapeza, ndi kugwira akuba a lamya zochokera kunja. Koma kuti makinawo agwire ntchito amafuna kaundula wa lamya, woonetsa kuti nambala yakuti idaimbira nambala yakuti, nthawi yakuti, kwa mphindi zingati, ili pafupi ndi nsanja iti. Anthu adawapatsa dzina lawolawo loti makina a ukazitape, ndipo dzinalo lidakakamira. Nzika ziwiri zidapita kukhoti, ndipo mu 2012 khoti lalikulu lidaletsa makinawo. Mu 2014 khoti lalikulu la apilo lidatembenuza chigamulocho, ndipo mlandu wina wa kampani ya TNM udakokeka mpaka 2017. Zaka zisanu ndi ziwiri katundu wa mamiliyoni a madola akukanganirana m'makhoti, maloya akudya, chifukwa chakuti mafunso amene adayenera kufunsidwa m'Nyumba ya Malamulo ndalama zisanatuluke adakafunsidwa kwa majaji ndalama zitapita kale. Akuluakulu adati safunsa adadya phula, koma pano amene adadya phula ndi ife olipira, pomwe osafunsawo adangosintha maofesi.

Kaundula wa lamya anthu ena amamuona ngati chinthu chopepuka poti mulibe mawu. Tiyeni tione bwino. Kuyambira 2018 nambala iliyonse ya foni idalembetsedwa, ndipo lero imamangiriridwa ku chiphaso cha unzika. Tsono amene wagwira kaundula safunikanso kumva zimene mwalankhula. Akudziwa kuti mphunzitsi wakuti wa ku Wenya adaimbira mtolankhani katatu sabata imene nkhani ya kusowa kwa ndalama za sukulu idatuluka. Akudziwa kuti kalaliki wa kukhonsolo amalankhula usiku ndi phungu wotsutsa boma. Akudziwa amene amawoloka kupita ku Nakonde kapena ku Isongole, tsiku lake ndi ola lake. M'boma laling'ono ngati lino, mmene aliyense amadziwa agogo a mnzake, nambala ziwiri zokha nzokwanira kuchotsetsa munthu ntchito.

Taonaninso mmene andale athu amavinira. Makina oyamba adagulidwa pansi pa DPP, otsutsa n'kumakuwa. PP italowa mu 2012, MACRA sidasiye mlandu, idachita apilo. DPP itabwerera mu 2014, njira idalambulidwa. MCP ndi anzake a Tonse, amene adalowa mu 2020 akulonjeza kuchita zinthu poyera, ndiwo adali pampando pamene kontirakiti ya Hashcom imalengezedwa. Ndipo pa chisankho cha Sepitembala 2025 anthu adabwezera Peter Mutharika ndi DPP ku State House. Chilichonse chimene boma lapita lidagula kapena kusainira, makiyi ake adatsala m'manja mwa amene lidali kulimbana nawo. Chipani chilichonse chimadana ndi makina otere chikakhala kunja ndipo chimawakonda chikalowa m'nyumba, kuiwala kuti msampha sudziwa mwendo wa amene adautchera. Nchifukwa chake nkhaniyi sitingaisiyire zipani.

Inu abale athu amene mudabwerako ku Dar es Salaam, ku Lusaka, ku Harare ndi ku London mutatha zaka makumi awiri kapena atatu musakuona manda a makolo anu, nkhaniyi mukuidziwa kuposa ife. Ambiri a ife olemba tsamba lino tidabadwa referendamu ya pa 14 Juni 1993 itapita kale, ndipo za Special Branch tidangomva kwa inu. Inu ndi amene mudatiuza za makalata ofika atamatidwa kawiri, za lamya imene munthu amaimba akuyamba ndi kutamanda mvula ndi chimanga podziwa kuti pali khutu lachitatu, za akapirikoni okhala nanu pamowa. Phukusi la bomba limene lidavulaza manja a Attati Mpakati ku Maputo mu 1979 lidafika chifukwa wina adadziwa keyala yake, ndipo mu 1983 adakamupeza ku Harare. Moto umene udapha mtolankhani Mkwapatira Mhango ndi a pabanja pake ku Lusaka mu 1989 udayatsidwa ndi anthu odziwa khomo lake. Kalata ya maepiskopi ya pa 8 Malichi 1992 itawerengedwa m'matchalitchi, kupezeka nayo m'thumba udali mlandu, ndipo apolisi adasakasaka aliyense wokhala pafupi ndi makina okopera mapepala ndi a fakisi.

Ukazitape wa masiku amenewo udali wodula ndi wotopetsa. Pamafunika munthu woti akhale ku positi ofesi ndi ketulo ya nthunzi, wina woti alondole munthu pabasi, wina woti alipidwe m'mudzi uliwonse. Mwa anthu ambiri chonchi ena amatopa, ena amachita manyazi, ena amakutsina khutu kuti m'bale wanga usagone pakhomo lero. Ambiri amene adawoloka malire a kumpoto kuno usiku adapulumuka chifukwa cha kutsinidwa khutu kotere. Makina alibe manyazi ndipo sakutsina khutu. Munthu mmodzi pa kompyuta akhoza kuchita m'mawa umodzi ntchito imene kale imafuna gulu lonse la akazitape chaka chathunthu. Amene adalemba malamulo oyendetsera dziko a 1994 adali atangochoka m'moto umenewo, nchifukwa chake gawo 21 limateteza munthu kuti makalata ake, lamya zake ndi mauthenga ake ena asasokonezedwe, ndipo gawo 12 limakumbutsa olamula kuti mphamvu adachita kusungitsidwa ndi anthu. Wosungitsidwa katundu sagula unyolo ndi ndalama za mwini katundu popanda kumuuza.

Ena adzati tikukokomeza, dziko lidasintha. Lidasinthadi, koma mbiri ya posachedwa ikutiletsa kugona tulo. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011, pamene anthu 20 adaphedwa, ena mwa iwo ku Mzuzu ndi ku Karonga, MACRA ndi imene idalamula mawailesi oima paokha kuti asiye kuulutsa zochitikazo pompopompo. Mu Juni 2019, anthu akulira ndi chisankho cha tipeksi, MACRA yomweyo idaletsa mapulogalamu oimbira lamya pawailesi. Mu Epulo 2022 apolisi adamanga mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta, akufuna kudziwa amene adamupatsa chikalata cha boma. Mu Febuluwale 2024 apolisi adalanda mafoni ndi makompyuta a ogwira ntchito 14 a MBC pofufuza tsamba la Facebook. Chaka chomwecho bambo wina wa ku Dowa adapezeka wolakwa kukhoti kamba ka kanema woseka pulezidenti amene adatumiza pa gulu la WhatsApp, pogwiritsa ntchito lamulo la za intaneti la 2016. Amenewa si akuba a m'mabanki kapena zigawenga. Tsono munthu akamva kuti boma likugula makina osaka mabodza, sakulakwa kufunsa kuti bodza adzaliyeza ndi mlingo wa yani.

Pali chinthu chinanso chimene sichikutikhalira bwino. Lamulo loteteza zinsinsi za anthu la Data Protection Act lidayamba kugwira ntchito mu 2024, ndipo ndi lamulo lofunika. Koma udindo woyang'anira lamuloli udaperekedwa kwa MACRA. Ndiye kuti bungwe limene limagula makina oonera anthu ndi lomwelonso loyenera kulandira madandaulo a anthu oonedwa, ndipo bodi yake amasankha ndi pulezidenti. Mbuzi ikadya chimanga chako, sukasuma kwa mbuzi yomweyo. Aphungu amene adavomereza zimenezi akuyenera kubwerera kukakonza, kuti pakhale ofesi yoima payokha imene ingathe kugogoda pa chitseko cha MACRA, cha apolisi ndi cha National Intelligence Service n'kulamula kuti atsegule mabuku.

Tikudziwa yankho limene limabwera tikafika apa: izi nza chitetezo cha dziko, sizikambidwa pagulu. Palibe amene akupempha kuti apolisi atiuze dzina la chigawenga chimene akuchilondola usiku uno. Koma mtengo wa katundu si chinsinsi cha nkhondo. Dzina la wogulitsa, mayina a eni ake enieni a kampani, makampani amene adapikisana nawo, zaka zimene tidzakhale tikulipira, ndiponso ngati akatswiri a kampani yakunja adzakhale ndi njira yolowera m'makinawo ali kwawo, zonsezi si chinsinsi cha nkhondo. Ndipo tidaona kale chimene chimamera kuseri kwa mawu oti chitetezo. Nkhani ya chakudya cha apolisi imene idaphulika mu 2018 idamera kumeneko. Makontirakiti a makampani a Zuneth Sattar ndi apolisi komanso asilikali, amene bungwe la ACB lidafufuza ndipo adagwedeza boma mu 2022, adamera kumeneko, ndipo nkhani imene idamangitsa Gondwe idali yokhudza zomwezo. Kumene kulibe nyali nkumene mitengo imakwera kawiri katatu.

Anzathu otizungulira akutiphunzitsa mbali zonse ziwiri. Mu 2020 akatswiri a Citizen Lab ku University of Toronto adatchula Zambia, Zimbabwe ndi Botswana pakati pa maiko amene akuoneka kuti adagula makina a kampani ya Circles, otha kulondola foni ndi kumvera lamya. Nzika za maiko amenewo zidamva za katundu wogulidwa m'dzina lawo kuchokera ku Canada. Ku South Africa nako mtolankhani Sam Sole adazindikira kuti boma limamvera lamya zake, ndipo gulu lake la amaBhungane lidatengera nkhaniyo kukhoti. Mu Febuluwale 2021 khoti loona za malamulo a dzikolo lidagamula kuti lamulo lawo lomvera lamya la RICA nloperewera, kuti kukokolola mauthenga a anthu onse mwachisawawa nkosaloledwa, ndiponso kuti munthu amene adamveredwa adziwitsidwe kafukufuku akatha. Mfundo yomalizayi ndi yofunika kwambiri kwa ife. Munthu sangasumire chinthu chimene sakudziwa kuti chidamuchitikira, ndipo wapolisi amene akudziwa kuti tsiku lina mwini foni adzauzidwa amaganiza kawiri asanapemphe chilolezo chomvera mkazi wa mnzake kapena wopikisana ndi bwana wake.

Funso lina ndi la ku Chitipa kwenikweni. Boma lino lili ndi zinenero zoposa khumi: Chilambya, Chindali, Chisukwa, Chinyiha, Chinamwanga, Chimambwe, Chitumbuka ndi zina, ndipo mnyamata wa pa boma amatha kusakaniza zitatu ndi Chiswahili mu uthenga umodzi. Makina opangidwa kunja adzamva chiyani pamenepa? Ngati samva, ndiye kuti tagula galu wosanunkhiza pa mtengo wa ng'ombe zikwi. Ngati akuti adzamva, ndiye kuti padzakhala anthu olembedwa ntchito yomasulira nthabwala ndi zining'a za anzawo n'kumapereka malipoti, ndipo ntchito imeneyo dzina lake tikulidziwa. Nthabwala ya pachibale ikamasuliridwa m'Chingerezi ndi munthu wofuna kusangalatsa bwana imasanduka mlandu. Pamene izi zili chomwechi, lamulo la za mauthenga la 2016 lidakhazikitsa thumba la Universal Service Fund loti lifikitse netiweki kumadera otsalira. Anthu a ku Nthalire, amene akhala akulonjezedwa msewu wa phula wodzera ku Nyika kukafika ku Rumphi ndi boma lililonse, akadafunsidwa kuti asankhe pakati pa nsanja za netiweki ndi makina osaka mabodza, sitikukayika chimene akadasankha. Koma sadafunsidwe.

Zimene tikupempha si zachilendo. Makina aliwonse otha kuona, kumvera, kulondola kapena kufukula za m'foni ya nzika asagulidwe, kaya ndi MACRA, apolisi, asilikali kapena nthambi ya zaukazitape, komiti ya Nyumba ya Malamulo isanakhale pansi poyera n'kumva mbali zonse, ndipo zokambiranazo zimveke pa wailesi m'zinenero za anthu, osati m'hotela ya m'mbali mwa nyanja mmene aphungu amakalandira alawansi kwa bungwe lomwelo limene akuti akulifufuza. Kontirakiti isindikizidwe yonse, ndipo ngati pali tsamba loyenera kubisidwa, jaji ndiye anene. Kaundula wa munthu asatsegulidwe popanda chilolezo cha khoti, ndipo chaka ndi chaka tiuzidwe kuti zilolezo zotere zidapemphedwa zingati, zidakanidwa zingati. Mkulu wolondoloza ndalama za boma alembe lipoti la CIRMS kuyambira 2010: tidalipira zingati zonse pamodzi, ndipo ndalama zobisika zimene makinawo adatulukira m'makampani a lamya ndi zingati. Ngati makinawo adadzilipira okha, MACRA ikhale yoyamba kunyadira ndi manambala. Boma limene lidalowa mu 2025 lili ndi mwayi woyamba ndi mapepala a Hashcom, poti si ilo lidawayambitsa, pokhapokha ngati katunduyo lamukonda.

Aphungu a Chitipa ali ndi mphamvu yofunsa nduna ya zofalitsa nkhani m'Nyumba ya Malamulo, ndipo makhansala ndi mafumu athu, a Mwaulambia, a Kameme, a Mwenemisuku, a Mwenewenya ndi a Nthalire, angathe kuwakumbutsa pa msonkhano wa khonsolo. Koma sitiyenera kudikira iwo okha. Lamulo lopereka ufulu wopeza nkhani za boma lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, ndipo limalola nzika iliyonse, mphunzitsi, mlimi, wa kabaza, kulembera bungwe la boma kupempha chikalata. Bungwelo liyenera kuyankha pasanathe masiku 15 ogwira ntchito, ndipo likakana pali njira yokadandaula ku Malawi Human Rights Commission. Lembani kalata yopempha kontirakiti ya Hashcom ndi ya Agilis, musunge kope lake ndi tsiku limene mwatumiza. Yankho likabwera titumizireni. Masiku 15 akatha kuli zii, tidziwitseninso, tsamba lino lidzasindikiza zonse ziwiri.